Abiti Hamidu ndi Funso Lachikhumi

Pa Nsaru mukafunsa za a Naima Salimu anthu amayamba akanda kaye m'mutu, koma mukangoti Abiti Hamidu, aliyense akulozerani golosale ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa malo ogulitsira nyemba. Ndi mayi wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu tsopano, woyenda mosathamanga ngati kulibe kumene akumudikira. Ine ndinawadziwa cha kumapeto kwa 2018. Ndinawalemba ntchito ya miyezi isanu ndi itatu, n'kuwachotsa itatsala iwiri. Ndanena zimenezi poyambirira kuti pasapezeke wina woganiza kuti wanzeru m'nkhani ino ndine.

Bambo awo, Che Hamidu, anachoka ku Machinga ndi njinga ndi mtolo wa nsalu, n'kudzakhazikika pa Nsaru mwanayo asanabadwe. A Naima anakulira kuseri kwa kauntala, kudula nsalu ndi kukulunga mchere m'mapepala. Kusukulu masamu ankangowamwa ngati madzi. Fomu 4 anakhoza bwino, koma chaka chomwecho bambo awo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo golosale inafuna munthu. Sukulu inathera pomwepo. Anakwatiwa ndi a Salimu, telala wa pakhonde la sitolo yoyandikana nayo, amene anamwalira mu 2014. Ana anabereka asanu, analera atatu.

Ali ndi ntchito ina imene satchulatchula. Mayi wachisilamu akamwalira pa Nsaru ndi midzi yozungulira, a Naima ndi mmodzi mwa amayi atatu amene amaitanidwa kukasambitsa thupi. Amatseka golosale, n'kunyamuka, kaya ndi tsiku la msika. Mwina n'chifukwa chake sathamangira kuyankhula. Anazolowera kulowa m'nyumba momwe mawu atha.

Ine ndine Pamela, kwathu ndi ku Mpingu. Nthawi imeneyo ndinkachita digiri yachiwiri ya maphunziro a maganizo a munthu, ndipo kafukufuku wanga anali ndi funso limodzi: mwa amayi zana alionse a kudera la Nsaru ndi Kabudula, ndi angati amene amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa akangobereka? Ndinakonza zofunsa amayi 300 kawiri, koyamba ali oyembekezera, kachiwiri mwana akakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, tsiku lobwera naye ku sikelo. Ofunsa mafunso ndinalemba anayi. Atatu anali atsikana a madipuloma. Wachinayi anali a Naima, amene namwino wina anandikakamiza kuwatenga, amvekere amayi amawamasukira. Ndinawatenga monyinyirika. Ndinkaona ngati tabuleti yolembamo mayankho idzawavuta, koma pofika tsiku lachiwiri iwo ndi amene ankathandiza a madipuloma aja.

Sabata yonse ya maphunziro tinakhala m'holo ina pa Namitete. Ndinawaphunzitsa kuti munthu wofunsidwa sitisankha ndi maso. Timatenga mayi wachitatu aliyense pa mzere, kaya wavala bwino, kaya nkhope ili gwa. A Naima anagwedeza mutu, n'kunena kuti wogula nyemba wochenjera salowetsa dzanja pamwamba pokha pa thumba. Ndinawaphunzitsa kupempha chilolezo, kudinditsa chala amene salemba, ndi kuwerenga funso monga mmene lalembedwera, osathiramo mchere. Pa avereji pokha ndi pamene anandiseka.

"Avereji ndi yabwino, a Pamela," anatero. "Koma malemu amuna anga akanasokera anthu pa avereji, bwenzi theka la Nsaru likuyenda mabatani atathothoka."

Mafunso anali khumi. Mayi ankayankha poloza chithunzi pa khadi la ndowa zinayi: yopanda kanthu, ya madzi pang'ono, ya theka, ndi yodzaza. Ndowa yopanda kanthu inali ziro, yodzaza mapointi atatu. Amene wafika mapointi khumi ndi atatu tinkamutumiza kwa namwino wophunzira za maganizo. Funso lachikhumi linali ndi lamulo lakelake. Linkafunsa ngati mayiyo waganizapo zodzichotsera moyo, ndipo akaloza ndowa iliyonse yokhala ndi madzi, wofunsa sankayenera kumusiya yekha mpaka atamufikitsa m'manja mwa namwino tsiku lomwelo.

Tsiku lomaliza a Naima anakweza dzanja. Anali atafika pa fomu yachiwiri, ya mayi wobereka kale. Funso loyamba pamenepo linali lakuti, kodi mwana ali moyo? Ukadina kuti ayi, tabuleti inkalumpha mafunso onse khumi n'kulemba kuti: Apepeseni, athokozeni, malizani.

"Kodi apa ndiye kuti chiyani?" anafunsa.

Ndinawafotokozera, ndipo zifukwa zanga sizinali zopusa. Chisoni cha maliro si matenda. Ukasakaniza amayi ofedwa ndi amayi a ana amoyo, manambala amasokonekera, sudziwanso chimene ukuyeza. Komanso komiti yoona malamulo a kafukufuku inali itagwirizana nane kuti kufunsa mayi wofedwa mafunso otere n'kutosa chilonda. A Naima anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Chabwino." Chabwino wakeyo sanandisangalatse, koma nthawi inali itatha ndipo minibasi zinali kuchepa.

Ntchito inayenda bwino. Mafomu a a Naima ankabwera opanda pobowoka, ndipo amayi amene ankawafunsa iwo ankaloza ndowa zodzaza kawirikawiri kuposa a atsikana aja. Poyamba ndinawakayikira kuti akuwalozera mayankho. Ndinakhala pambali tsiku lathunthu kuwamvetsera, koma sindinapeze liwu limodzi lowonjezera. Chinsinsi chawo chinali kudikira. Akawerenga funso ankakhala chete, maso pa khadi, mpaka chala cha mayi chitasiya kuyendayenda.

M'mwezi wa Januwale, pa chipatala china chaching'ono cha kudera la Kabudula, a Naima anafunsa mayi amene tinamupatsa nambala 87. Dzina lake anali Loyce, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wochokera ku Phalombe. Anabwera kuno ndi mwamuna wake Misheck kudzagwira ntchito pa esiteti ya fodya, ndipo mbale wake wapafupi anali kutali ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Mimba inali yoyamba, ya miyezi isanu ndi iwiri. Anapeza mapointi asanu ndi limodzi okha, ankaseka ndowa zija, ndipo pochoka a Naima anamupatsa kakhadi ka nambala yake, n'kumuuza monga ankauzira onse kuti akadzachira tidzamufunsanso.

Tsiku lobwereranso Loyce, cha kumayambiriro kwa Meyi, a Naima kunalibe. Anali ataitanidwa kukasambitsa maliro, choncho pa mpando wawo ndinakhalapo ine. Mzere unali wautali, ana akulira, dzuwa likuswa mtengo. Analowa mayi woonda, chitenje chomangidwa m'chiuno, kumsana kulibe kanthu. Anandipatsa kakhadi. Ndinalowetsa 87, n'kuwerenga funso loyamba.

"Ayi," anatero. "Anamwalira ali ndi masiku anayi."

Ndinadina ayi. Tabuleti inandiuza chochita, ndipo ndinachita. Ndinati pepani kwambiri mayi, Mulungu akutonthozeni, zikomo potenga nawo mbali, mafunso athera pompa. Ndinanena mwaulemu, chimenecho ndiye ndikukumbuka. Iye sanadzuke msanga. Anayang'ana khadi la ndowa lomwe linali pa tebulo, n'kundiyang'ananso ine. Ine ndinayang'ana kukhomo, n'kuitana wotsatira. Zonse sizinakwane mphindi zitatu.

M'mawa mwake a Naima anaona pa mndandanda kuti 87 yatsekedwa. Anandipeza ndikulongedza mapepala.

"A Pamela, mtsikana wa ku Phalombe uja wabwera dzulo?"

"Wabwera. Mwana anamwalira."

"Ali ndi masiku angati?"

"Anayi."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuti anali asanatuluke m'chikuta. Inu ndinu a konkuno, eti? Mukudziwa mmene amachitira."

Ndinkadziwa. Ndinakulira momwemo. Mwana akamwalira mchombo usanagwe, kwathu sakhala maliro. Palibe kulengeza, palibe nyimbo, palibe amuna kukhala pabwalo. Amayi okhaokha amamunyamula mwakachetechete kukamuika, ndipo mayi wake amatsala m'nyumba, atauzidwa kuti asalire, akalira sadzaberekanso. Amachita zimenezi pofuna kumuteteza, si nkhanza ayi. Mayi anga aang'ono zinawachitikira ine ndili Sitandade 6, ndipo m'mawa mwake anapita kukatunga madzi ngati palibe chachitika. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe, koma tsiku limene ndinkalemba fomu ija m'tauni sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

"Kwathu kuchisilamu," anapitiriza a Naima, "mwana akangolira kamodzi, ali ndi dzina. Timamusambitsa, amuna amamupempherera. Ine anga awiri ndinawalira anthu akuona, mayi anga atandigwira, komabe ndinatsala pang'ono kupenga. Nanga uyu? Alibe mayi, alibe mchemwali, azimayi amene amuzungulira wawadziwira pa chigafa. Kumeneko amuuza kuti asalire, kuno ife tamuuza kuti zikomo. Funso lachikhumi amufunsa ndani?"

Anapempha kuti ndiwalole apite ku esiteti akamufunse mafunso khumi aja. Ndinakana. Chilolezo chathu chinali chofunsira anthu kuchipatala, osati m'makomo, ndipo chinali cha amayi a ana amoyo. Kusintha chilichonse kunkafunika kalata yopita ku komiti, ndipo komiti inkakhala kamodzi pa miyezi iwiri. Tikaphwanya lamulo, kafukufuku yense akanatha kuimitsidwa, mayankho a amayi 300 n'kutayidwa, zaka zanga ziwiri n'kupita m'madzi. Ndinawauza kuti malamulowa sanaikidwe mwamasewera, anaikidwa chifukwa kale anthu ofufuza ankalowa m'nyumba za osauka ngati m'khola mwawo. Zimenezonso zinali zoona. Ndinalonjeza kulemba kalata, ndipo ndinailemba, koma patatha masiku asanu ndi atatu, chifukwa ndinali ndi zambiri.

Kuyambira pamenepo moni wa a Naima anasintha. M'mawa uliwonse akati mwadzuka bwanji, chotsatira chinali, "Kalata ija yayankhidwa?" Zinayamba kundinyansa. Tsiku lina ndinawayankha mokalipa kuti ine si komiti. Iwo anangondiuza zimene anamva kwa makasitomala awo, kuti ku esiteti kuja akumaliza kusankha fodya, ndipo akangopita ku okushoni, lole idzatenga antchito kuwabwezera kwawo.

"Akakwera loleyo sitidzamuonanso," anatero. "Ndiponso sindikudziwa ngati adzafike tsiku lokwera."

Lolemba la sabata yachitatu anabwera ndi kope la ana a sukulu, n'kuliika pa tebulo langa. Munali mafunso khumi aja, okopera pamanja mosasintha liwu, ndi ndowa zinayi zojambula ndi bolopeni. Anali atapita ku esiteti kuja Loweruka, pa njinga yamoto, ndi ndalama zawo. Sanabise kalikonse. Anamupeza Loyce pakhomo, koma mlendo wotere pa esiteti sakhala yekha ndi munthu. Misheck anabwera n'kukhala pa chitsa, mkazi wa kapitawo anabweranso n'kuyala chitenje pafupi. Loyce analoza ndowa yopanda kanthu kuyambira funso loyamba mpaka lachikhumi. Pansi pa tsambalo a Naima anali atalemba ziro.

Kuika kafukufuku yense pangozi chifukwa cha ziro! Ndinawauza kuti tsopano mtima wawo ukhale m'malo, munthu wawoyo ali bwino.

"Mwafunsa amayi angati mpaka lero, a Pamela?" anandifunsa modekha. "Mwa onsewo, ndi angati anapezapo ziro?"

Panalibe ndi mmodzi yemwe. Ngakhale mayi wosangalala chotani amavomera kuti nthawi zina tulo timamuvuta.

"Ziro ameneyu ndi wa anthu amene anakhala pambali aja," anatero. "Si wake."

Ndinadziwa kuti akunena zoona, popeza ndine ndemwe ndinawaphunzitsa kuti munthu wofunsidwa pagulu amayankha zokomera gulu. Koma kudziwako kunangowonjezera mkwiyo wanga. Lamulo linkati wofunsa akachita zosemphana ndi ndondomeko, ndidziwitse komiti ndipo aimitsidwe. Ndinachita zonse ziwiri tsiku lomwelo, ndipo sindinama, ndinachita ndi mtima wofuna kuwaonetsa kuti mwini ntchito ndani. A Naima anatulutsa tabuleti m'chikwama, anaipukuta ndi nsonga ya mpango wawo, n'kuiika pa tebulo pamodzi ndi chaja yake.

"Ndiye kuti tsopano sindine wa kafukufuku, eti?"

"Simuli."

"Chabwino, mwanangu. Ndiye kuti ndikhoza kukacheza kulikonse kumene ndafuna."

Anatenga kope lawo n'kutuluka. Aka kanali koyamba kunditchula kuti mwanangu, ndipo sindinadziwe ngati akunditonza kapena akundimvera chisoni.

Zimene zinachitika Lachitatu anandiuza patapita nthawi, pang'onopang'ono, chifukwa si munthu wokamba za iye mwini. Anatseka golosale, n'kumanga mtolo wa zitenje monga ankachitira bambo awo. Pa esiteti sanapite kunyumba kwa Loyce. Anakayala zitenje zawo pafupi ndi mjigo. Amayi anabwera, anagwiragwira, anadandaula mitengo, awiri anagula. Wogulitsa nsalu palibe amene amamulondera. A Naima anakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Loyce anabwera pomalizira, anzake onse atapita, chifukwa anali atayamba kupewa anthu. A Naima anamupempha kuti awathandize kunyamula mtolo mpaka pa msewu.

Awiriwo anakhala pansi pa mtengo wa mango, pakati pa munda umene anali atazulamo kale mapesi a fodya, pamalo poti munthu akamabwera umamuonera patali. A Naima anatsegula kope, n'kupempha chilolezo monga mwa nthawi zonse, ndipo anamuuza poyera kuti ntchito anachotsedwa, zimene ayankhe sizipita mu kompyuta ya munthu aliyense. Anawerenga mafunso mmene analembedwera. Loyce analoza ndowa yodzaza, kenako yodzaza, kenako ya theka. Pa funso lachikhumi chala chake chinakhala m'mwamba nthawi yaitali. A Naima anadikira. Chalacho chinatsikira pa ndowa yodzaza, ndipo Loyce ananena kuti tsiku anali atasankha kale, lole isanabwere, chifukwa sakanatha kukafika kwa mayi ake chimanjamanja, kusiya mwana m'dothi la eni pamalo amene iye sanaonetsedwe n'komwe.

Lamulo la funso lachikhumi a Naima analisunga, ngakhale anali atachotsedwa ntchito. Sanamusiye yekha. Anabwerera naye limodzi, n'kumuuza Misheck kuti mkazi wake akufunika kuchipatala tsiku lomwelo pa nkhani za amayi. Mwamunayo sanafunse zambiri. Anali munthu wofatsa, wosokonezeka, amene nayenso anauzidwa kuti za mwanayo asazitchule. Anathamanga yekha kukaitana njinga yamoto.

Foni yanga inalira cha m'ma fayifi ndili pa Nsaru.

"A Pamela, ndili kuchipatala ndi Loyce. Anamwino akuti mafomu otumizira odwala maganizo ali m'chikwama chanu."

"Wapeza angati?" ndinafunsa, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi kuti limenelo ndilo linali funso langa loyamba.

"Makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Lachikhumi, yodzaza. Bwerani."

Zotsatira zake ndinene mwachidule. Loyce anathandizidwa, anakhala m'manja mwa namwino wa za maganizo uja masabata asanu, ndipo a Naima anakambirana ndi amayi a pa esiteti mpaka mmodzi anavomera kukamuonetsa pamene anaika mwana. Mu Julaye anakwera lole ndi mwamuna wake. Ali moyo, ndipo nthawi zina amaimbira foni ku golosale. Komiti inavomera kalata yanga kumapeto kwa Juni. Amayi amene tabuleti inawathokoza n'kuwatsekera analipo khumi ndi anayi. Tinapeza khumi ndi mmodzi, ndipo asanu ndi anayi mwa iwo anapitirira mapointi khumi ndi atatu. Nambala yanga yaikulu inachoka pa amayi khumi ndi mmodzi mwa zana alionse kufika pa khumi ndi anayi. Atatu otsalawo anali atasamuka, ndipo mu lipoti analembedwa kuti sanapezeke. Sindidziwa kuti ali kuti, ndipo zimandivutitsa.

A Naima ndinawapempha kuti abwerere ntchito. Anakana mwaulemu, amvekere golosale yakhala yotseka kokwanira. Lero mukapita muwapeza kuseri kwa kauntala, akudula nsalu.

Koma pali zimene sindinalembe mu lipoti, za madzulo a Lachitatu lija. Nditafika kuchipatala ndinawapeza m'kachipinda ka namwino, a Naima atakhala pa benchi, Loyce pambali pawo, manja ali pamiyendo. Ndinapereka fomu kwa namwino, ndipo iye anatuluka nayo kukafuna chidindo. Tinatsala atatu. Ndinkayembekeza kuti Loyce sandikumbukira, popeza anthu a mayunifolomu ndi matabuleti amafanana. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Ndinu aja a tsiku lija," anatero.

"Ndine, mayi."

"Ine tsiku lija sindinabwerere sikelo ayi. Sikelo ya mwana wake uti?" Ankayankhula motsitsa, mopanda mkwiyo, ndipo zikanakhala bwino akanakwiya. "Amayiwa anandiuza kuti ndikadzachira mudzandifunsanso mmene mtima wanga ulili. Kunyumba aliyense amati usalire, usatchule, udzabereka wina. Ndiye ndinati kumene kuja kokha ndi kumene akandifunse. Ndinasunga kakhadi kaja m'Baibulo, ndikuwerenga masiku. Ndinanyamuka m'mamawa wapansi, osauza munthu. Njira yonse ndimakonza zoti ndikayankhe."

Kenako anapitiriza.

"Mutanena kuti zikomo, ndinatuluka n'kukhala pa benchi yapanja mpaka mzere wonse unatha. Ndimati mwina mwangoiwala, mundiitananso."

Ndinalephera kumuyang'ana. Ndinayang'ana a Naima, ngati kuti iwo andipulumutsa, koma sanandipulumutse.

"Funsani tsopano, a Pamela," anatero.

Ndinalibe tabuleti, ndinalibe khadi, ndipo mafunso khumi amene ndinawaloweza ngati pemphero anandithawa onse. Ndinakhala pansi pa simenti patsogolo pake, n'kufunsa chokhacho chimene chinabwera.

"Mwanayo anali ndani dzina lake?"

Loyce anayang'ana kukhomo ngati wina amumva.

"Jenifer," ananong'ona. "Ndinamutcha mumtima. Ngakhale bambo ake sakudziwa."

Atangolitchula, kulira kumene anakusunga miyezi iwiri kunatuluka konse, kulira kwa maliro enieni, kokweza, mpaka anthu a pakhonde anasiya kuyankhula. Namwino anabwera akuthamanga ndi fomu m'manja. A Naima anadzuka, anakumana naye pakhomo, n'kumuuza kuti adikire kaye panja, muno muli maliro.